Marozi Anga ndi Beseni la Apongozi

Mwana wathu wamkazi atatiuza kuti ukwati wake udzachitika kumapeto kwa Okutobala, ine ndinalonjeza chinthu chimodzi chokha. Za mpunga, nkhuku, madiresi ndi anthu ovina ndinasiyira amake ndi azakhali ake. Ine ndinamuitana pakhonde n'kumuuza kuti, "Iwe sudzanyamula maluwa apulasitiki. Udzalowa m'tchalitchi ndi marozi a pakhomo pano."

Anaseka, nati, "Atate, mwalonjeza nokha, ine sindinakukakamizeni."

Ndinalonjeza ndekha, inde. Panthawiyo ndinali ndisanadziwe kuti apongozi anga akubwera kudzakhala nafe miyezi yonse yokonzekera ukwatiwo.

Marozi amenewo ndinayamba nawo kalekale, ndili mphunzitsi wachinyamata ku Petauke. Kuseri kwa nyumba yakale imene anandipatsa kunali chitsamba chimodzi chongosiyidwa, chaminga yambiri, cha maluwa ofiira kwambiri amene fungo lake linkafika mpaka kumsewu. Atandisamutsira ku Nyimba ndinadulako nthambi, ndinaibzala m'chitini cha mafuta ophikira, n'kuinyamula pamiyendo ulendo wonse, katundu wina ali padenga la basi. Kuchokera pa nthambi imeneyo ndinadzaza mzere wonse kutsogolo kwa nyumba. Anzanga a kuno amalima nthochi, repu ndi tomato, ndipo akamadutsa ankakonda kundifunsa kuti, "Bambo, kodi ndiwo zake zimakoma?" Munthu akapuma pantchito amafuna chinthu chomudzutsa m'mawa, ndipo changa chinali chimenecho.

Ndinkamudziwanso mdani wa marozi. Chaka china cha mvula yambiri masamba anachita mawanga akuda, kenako chikasu, kenako n'kuyoyoka, ndipo theka la mzere linauma ine ndikuona. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira. Matendawa ndi pachibale ndi chuku chimene chimagwira chimanga chosungidwa ponyowa, ndiponso chiwawu chimene chimaliza alimi a tomato. Mbewu zake sizioneka ndi maso. Zimakhala pa tsamba lodwala, dontho la madzi likamenya pamenepo zimadumphira pa tsamba lina, ndipo tsambalo likagona lonyowa mpaka kucha, basi zalowa. Ndiye malamulo anga anali ochepa. Madzi amathiridwa patsinde, m'mawa, tsamba lisanyowe. Tsamba lodwala limathyoledwa n'kutenthedwa, silitsala pansi. Pakati pa chitsamba pamadulidwa kuti mphepo izidutsa. M'dzinja ndimapopera mankhwala omwe aja a tomato. M'chilimwe sindinkada nkhawa n'komwe, chifukwa kumwamba kukakhala kouma matendawa amasowa poyendera.

Mu Julaye, kuzizira kuli pakati, ndinadulira mzere wonse monga mwa nthawi zonse, ndinathira manyowa a ng'ombe owolerana bwino, n'kuphimba pansi ndi udzu wouma. Pofika mu Ogasiti mphukira zofiirira zinali zitatuluka paliponse, ndipo ndinaona kuti maluwa adzamasula nthawi yake yeniyeni. Mwezi womwewo apongozi anatsika minibasi kuchokera ku Kaumbwe, thumba la mtedza pamutu, tambala kukhwapa.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa achinyamata a masiku ano amakwera njinga yamoto imodzi ndi apongozi awo atagwirana m'chiuno. Ife sitinatero. Chikwatirireni mwana wawo, ine ndi apongozi anga sitinayang'anizanepo m'maso, sitinadyerepo pamodzi, sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira iwo amapatukira kutchire la uku, ine la uko, moni n'kumaperekera mitengo. Mawu aliwonse ochokera kwa ine amadzera mwa akazi anga, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo. Amai amenewa anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, akazi angawa ali kamtsikana kogwira m'mphepete mwa chitenje. Anasiya nyumba, munda ndi manda a makolo, koma mwambo umenewu anafika nawo wonse, osagwako ngakhale kachidutswa. Ine sindinkadana nawo mwambowo. Zaka zonsezi unatipulumutsa ku mikangano imene ndimaimva kwa anzanga.

Vuto la apongozi anga ndi loti sadziwa kukhala pansi. Kwawo ku Kaumbwe madzi amachokera kumjigo, ndipo mjigowo uli kutsidya kwa dambo, kumene munthu amalawirira n'kukaima pamzere. Pakhomo pathu pali mpopi panja, pafupi ndi khitchini. Masiku oyamba ankangoutsegula n'kuutseka, akupukusa mutu. Anachapa makatani amene anali atachapidwa kale, anatsuka migolo, anakolopa khonde mpaka simenti kuwala. Ntchito za madzi zitatha m'nyumba, maso awo anagwera pa marozi anga.

Tsiku lina madzulo ndikuchokera kumsika pa njinga, ndinawapeza ataima pakati pa mzere, beseni lalikulu lochapira lili pansi, kambale m'dzanja. Ankatunga n'kumawaza madzi m'mwamba, ngati mmene amai amachitira asanasese pabwalo pafumbi, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Masamba onse anali chonyowa, madzi akudontha, dzuwa likulowa. Zinali ngati ndapeza mbuzi m'dimba. Kuyandikira sindikanatha. Ndinaima pachipata n'kutsokomola kuti adziwe kuti ndafika. Iwo anatembenukira kumbali mwaulemu, anagwada, anaomba m'manja monyowamo, n'kulonjera mphepo: "Abwerako atate a mwana." Ine ndinayankhira mtengo wa mango kuti tabwerako. Kenako anadzuka n'kupitiriza kuwaza.

Ndinawapeza akazi anga akusenda anyezi. "Amake mwana, kawauzeni apongozi kuti rozi sathiridwa madzi pamasamba, makamaka madzulo. Adwala onsewa."

Anapukuta manja n'kutuluka. Ine ndinaima kuseri kwa zenera la khitchini, khutu lili panja.

"Amai, atate a mwana akuti mukudzitopetsa. Akuti muzipumula, maluwawa aziwathirira okha m'mawa."

"Uwauze asade nkhawa," anayankha apongozi. "Ntchito imeneyi sitopetsa, madzi ali pamphuno pomwepa. Mwamuna wamkulu ngati iwo asamavutike ndi beseni ine ndilipo."

Akazi anga atabwerera ndinawafunsa ngati amenewo anali mawu anga. Sanachite manyazi n'komwe.

"Inu bambo, mukufuna ndikawauze amai anga kuti chibwerereni iwo zinthu zayamba kudwala pakhomo pano? Nkhalamba yamasiye, yochokera dziko lina? Mukulidziwa bwino dzina limene anthu amapatsa nkhalamba yotero."

"Ine ndikunena za madzi."

"Inu mukunena za madzi, koma nkhani ikatuluka pachipata ikhala ya manja awo."

Zinali zoona. Kuno nkhalamba ikangonenedwa kuti inagwira chinthu n'kufota, mbiri imeneyo siichoka mpaka kumanda. Choncho ndinali pakati: pakamwa panga sindingalankhule, ndipo pakamwa pomwe ndinabwereka pankasintha mawu panjira.

Ndinayamba nzeru zina. Ndinabisa beseni padenga la khola la nkhuku. Apongozi anatenga ndowa. Ndinabisa ndowa, ndipo tsiku limenelo amai a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzacheza, naona nkhalamba ikuvutika ndi poto. Anaimvera chisoni. Anaisonyeza paipi yanga imene ndimaikoleka kuseri kwa nyumba, ija ndimaigoneka patsinde kuti madzi azituluka pang'onopang'ono, n'kuiphunzitsanso kutseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu kuti madzi aziuluka. Mulungu awakhululukire amai amenewo, ine sindinawakhululukirebe. Kuyambira tsiku limenelo mvula inkagwa pakhomo panga madzulo alionse, Nyimba yense ali gwaa ndi dzuwa.

Ndinayesa kuwatsogolera. Ndinkathirira m'mawa mokwanira, n'kutuma akazi anga kuti akawaonetse kuti nthaka ndi yonyowa kale. Apongozi anapisa chala m'dothi, anavomereza, kenako anati, "Kumwa amwa, koma kusamba sanasambe. Taona fumbi la malole lili pamasambapa." Fumbi linalipodi, nyumba yathu siili kutali ndi msewu waukulu, koma fumbi silinaphepo rozi.

Zitandikwana ndinagwiritsa ntchito njira imene mwambo umalola. Munthu sungalankhule ndi apongozi, koma palibe amene anakuletsa kulankhula ndi galu wako iwo ali pafupi. Ndinakhala pampando pakhonde, galu ali chigonere pamapazi anga, iwo ali uko ndi paipi, ndipo ndinakweza mawu ngati ndili m'kalasi.

"Iwe galu, ukudziwa kuti rozi sasamba madzulo? Akagona masamba ali onyowa amadwala mawanga. Rozi amamwa ndi mizu, m'mawa. Wamva?"

Galu anagwedeza mchira. Paipi inasiya kulira kanthawi, ndipo ndinati mumtima, lero zatheka. Kenako ndinamva apongozi akuitana nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi mpanda.

"Inu nkhuku, kutentha kuli apaku, munaonapo chamoyo chodana ndi madzi? Anthu ena ndi aulemu kwambiri, safuna kuti mlendo agwire ntchito. Koma mlendo wongodya osagwira kanthu amachita manyazi."

Paipi inayambanso kulira. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukamwa madzi, chifukwa ndikanakhalabe pamenepo ndikanalankhula zimene mkamwini salankhula.

Chakumayambiriro kwa Seputembala mawanga anaoneka. Anayambira m'munsi, pamasamba oyandikana ndi nthaka: timadontho takuda tam'mbali monyankhalala, ngati inki yodonthera pa nsalu. Posakhalitsa kuzungulira kadontho kalikonse kunachita chikasu, ndipo tsamba ukangolikhudza linkathothoka. Ndinayamba kuthyola odwalawo n'kumakawatentha kudzala. Koma ena ankagwa okha usiku, ndipo apongozi amadzuka nkhuku zisanatsike. Ankasesa bwalo lonse, ndipo poona kuti ine ndimaunjika udzu patsinde, anaganiza kuti ndimafuna zinyalala pamenepo. Masamba onse odwala ankawasesera bwinobwino pansi pa zitsamba, n'kuwapondereza ndi tsache kuti asauluke. Madzulo paipi inkamenya pamulu womwewo, madontho n'kumadumphira m'mwamba. Munthu wofuna kulima matendawa mwadala sakanachita bwino kuposa pamenepo.

Ndinapalasa njinga kupita kusitolo ya za ulimi, ndinagula mankhwala a tomato aja, m'chilimwe, mwini sitolo mpaka kundifunsa ngati ndatsegula dimba kumtsinje. M'mawa mwake ndinavala nsalu kumphuno, ndinasungunula mankhwalawo monga mwa muyeso wake, n'kupopera tsamba lililonse pamwamba ndi kunsi komwe. Mankhwala amenewa akauma amasiya kautoto kotuwa pamasamba, ndipo kautoto kameneko ndi kamene kamateteza. Ndinapita kumsonkhano wa ankhoswe mtima uli m'malo. Pobwerera ndinawapeza apongozi atasiya paipi. Anali atagwada ndi beseni, limene analipeza padenga la khola paja, ndi kansanza m'dzanja. Ankapukuta tsamba limodzilimodzi, mosamala ngati akusambitsa khanda, minga ikuwabaya, iwo osadandaula.

Uthenga unabwera kudzera mwa akazi anga: "Akuti maluwa anu anachita zotuwatuwa, mwina ndi phulusa la anthu otentha tchire, koma musadandaule, achotsa zonse."

Ndinakhala pansi pomwepo pamasitepe. Sindinakwiyepo chotero chibadwire, ndipo chondipweteka kwambiri chinali choti panalibe womukwiyira. Wakuba umamuthamangitsa, mbuzi umaigenda. Nanga munthu amene akukuwonongera chinthu atagwada, zala zikutuluka magazi chifukwa chofuna kukusangalatsa, umamutani?

Chiyembekezo changa chomaliza chinali mwini ukwati, mwana wathu uja. Amagwira ntchito ku Petauke, ndipo Loweruka lina anabwera kudzayesa diresi. Mdzukulu ali ndi ufulu umene ine ndilibe, amatha kunena chilichonse kwa ambuya ake. Ndinamutengera kumzere, ndinamuonetsa masamba, ndinamufotokozera zonse, n'kumupempha kuti akanene mosapsatira. Anapitadi, ndipo ananena momveka bwino, ine ndikumva.

"Ambuya, mukupha maluwa a ukwati wanga ndi madzi anuwa. Lekani kuwasambitsa."

Apongozi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndikupha dala. Mwamuna amene ukuti ndi wakoyo ndi wanga, ndimulanda lero lomwe. Iwe udziwa kuphika chiyani?"

Ndinali nditaiwala kuti pakati pa mdzukulu ndi ambuya ake chilichonse ndi nthabwala. Anatukwanizana mokoma, anakumbatirana, ndipo madzulo ake mdzukuluyo ndi amene anawatsegulira mpopi. Pokwera minibasi anandigwira dzanja nati, "Atate, musadwale nazo. Apulasitiki aja alinso bwino, anthu onse amanyamula omwewo."

Ananena pofuna kunditonthoza, koma mawu amenewo anandilasa. Ine ndilibe galimoto yoti n'kumuperekezera, ndilibe ng'ombe yoti n'kumuphera. Chimene ndinali nacho chosiyana ndi atate ena onse a mu Nyimba chinali mzere umenewo, ndipo ndinkafuna kuti polowa m'tchalitchi anyamule chinthu chimene manja anga anasamala kuyambira iye asanabadwe. Ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, kukwera osakufuna.

Pofika mu Okutobala zitsamba zinali mbulanda. Kunsonga kunatsala timasamba towerengeka ndi timitu ta maluwa tofota, tosatha kumasula. Mawanga anali atafika mpaka pa nthambi zanthete. Ndinadziwa kuti za ukwati zatha, chotsala n'kupulumutsa mizu, makamaka chitsamba chachikulu chija chinachokera ku Petauke m'chitini. Ndinatenga sizasi, ndinadula nthambi zonse zodwala, ndikutsuka sizasiyo m'madzi a mankhwala ndikachoka pa chitsamba china kupita pa china. Ndinapala udzu wonse ndi masamba onse a patsinde mpaka dothi kuoneka, ndinaunjika kudzala, n'kuyatsa moto masana dzuwa likuswa mtengo. Paipi ndinaipinda n'kuitsekera m'chipinda chathu chogona, kumene apongozi sangapondeko ngakhale nyumba itapsa.

Iwo anali atakhala pakona ya khonde, akusenda mtedza, nkhope itayang'ana kumbali. Ndinamva akufunsa mwana wawo chimene chachitika. Akazi anga anabwera kudzala kudzandifunsa choti akayankhe.

"Kawauzeni zimene mukufuna," ndinatero. "Mumatero kale."

Sindikudziwa zimene anakanena. Ndinangoona kuti manja osenda mtedza aja aima, ndipo anakhala choncho mpaka utsi unatha. M'mawa mwake apongozi anati akupita ku Kaumbwe kukaona mbuzi zawo. Palibe amene anakhulupirira za mbuzizo. Akazi anga anawaperekeza kusiteji, ndipo pobwerera sanandiyang'ane.

"Mwawathamangitsa amai anga."

"Ine? Ndalankhula nawo liti?"

"Moto wanu uja unalankhula."

Masiku otsatirawo m'nyumba munali zii. Ndinazindikiranso kuti beseni lalikulu lija lasowa, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti amai ananyamuliramo katundu wawo. Ndinati chabwino, lipite, ndilo linayambitsa zonse. Akazi anga anakagula maluwa apulasitiki, oyera ndi apinki, okhala ndi timadontho ta guluu tonamizira mame, n'kuwaika pamwamba pa kabati. Ndinkadutsa pamenepo nditayang'ana pansi. Achibale anayamba kufika, pabwalo panadzaza mapoto ndi nkhuni, ndipo mlendo aliyense ankaima pamzere wa zitsa zija n'kufunsa kuti, "Nanga maluwa aja tinkamva mbiri yake ali kuti?" Za apongozi kunalibe uthenga, ndipo akazi anga ankangoyang'ana kuchipata.

Apongozi anafika ukwati uli mawa lake, masana, kutentha kuli kwa mtima bii. Ine ndinali pakhonde ndikumanga mipando yobwereka kutchalitchi. Ndinawaona akulowa pachipata pang'onopang'ono, fumbi mpaka m'mawondo, beseni langa lili pamutu, lophimbidwa ndi chitenje chonyowa. Ndinaimirira kuti ndipatuke monga mwa mwambo. Iwo anatula beseni pakati pa bwalo, anabwerera m'mbuyo, anagwada atayang'ana kumpanda, n'kuuza mwana wawo kuti, "Uwauze atate a mwana kuti beseni lawo labwera."

Akazi anga anavundukula chitenje. Fungo linandipeza ndisanaone n'komwe. Munali marozi ofiira, odzaza beseni, mapesi ake atakulungidwa m'chiguduli chonyowa. Anali odulidwa ndi mpeni wakukhitchini, ena aatali ena aafupi, ndipo a m'mbali anali atawerama ndi kutentha kwa m'minibasi. Koma ndinawadziwa. Kufiira kwake, minga yake yokhota, anali a chitsamba changa cha ku Petauke. Ndinasolola limodzi n'kutembenuza masamba. Anali obiriwira bii, osalala, opanda ngakhale kadontho kamodzi.

Ndinayang'ana akazi anga. Anayamba kukonza chitenje chawo chimene chinali chokonzeka kale.

"Ndinadulako kanthambi zaka zapitazo, inu muli kusukulu, n'kukapatsa amai," anatero. "Mukanakana. Mumakaniza aliyense."

Zoti ndimakaniza ndi zoona, anthu amabzala n'kusiyira mbuzi. Koma nthawi ya mlandu umenewo sinali imeneyo. Chinandidya ndi masambawo. Munthu yemweyu, manja omwewa amene anandithera mzere wonse, zinatheka bwanji?

"Afunseni," ndinatero, "kuti kwawoko amathirira bwanji."

Funsolo linapita, ndipo apongozi anayankhira kumpanda, mawu ali otsika ngati munthu woulula chinthu chochititsa manyazi.

"Uwauze kuti duwa langali limavutika. Mjigo uli kutali. Ndimangolipatsa madzi otsala potsuka mbale m'mawa, ndimathira patsinde kuti asatayike. Silinasambepo chibadwire. Lili poyera pafupi ndi nkhokwe, mphepo ndi dzuwa zimangolimenya, ndipo pansi pake ndimasesa mbee kuopa njoka, ndiye ngakhale manyowa a masamba silidya. Nditafika kuno n'kuona anzake ali ndi mpopi, ndinati awa okha asavutike ngati langa." Kenako anawonjezera kuti, "Pakhomo pa mkamwini ndinalibe china choti n'kupereka. Mailo, dzulo lomweli, ndinadula onse, sindinasiyeko ngakhale limodzi."

Mwana wathu anatuluka m'nyumba tsitsi lili theka loluka, anaona beseni, n'kugwada pomwepo. Anatola marozi odzaza manja, anaviika nkhope m'menemo, munga unamubaya chala, iye osasamala. "Atate, ndi omwe aja," anatero.

Ine m'kamwa munali mutadzaza. Umboni wonse unali m'beseni: patsinde, m'mawa, poyera podutsa mphepo, pansi posesa. Zonse zimene ndinauza galu, zonse zimene ndinatuma akazi anga, nkhalambayi inkazichita kale kwawo, ikuganiza kuti ikuzunza duwa. Ndinkafuna kuti amve kuti ndinali wolondola, ndipo mpaka lero ndimanena kuti ndinali wolondola. Ndinali ndi phunziro lathunthu pamlomo, loyambira pa dontho la madzi mpaka pa tsamba lachikasu. Ndinayang'ana zitsa zanga, ndinayang'ana msana wa apongozi, chitenje chitanyowa ndi madzi odontha m'beseni ulendo wonse wochokera kusiteji, ndi zala zawo zokalikakalika ndi minga.

Akazi anga anali akundidikira, maso ali tcheru, okonzeka kale kusula mawu anga panjira.

"Ndiwauze chiyani?"

Ndinati, "Auzeni kuti zikomo."

Anatembenuka nati, "Amai, atate a mwana akuti zikomo."

Pa mauthenga onse amene ndinatumiza kwa apongozi anga chaka chimenecho, umenewo wokha ndi umene unafika mmene ndinaunenera.